Mantha a kholo akasanduka lamulo la mudzi wonse

Ku Elmore City, katauni ka alimi m'chigawo cha Oklahoma ku America, munthu ankatha kubadwa, kukwatira, kuona zidzukulu mpaka kuikidwa m'manda asanaonepo dansi ya pagulu. Lamulo loletsa kuvina linakhazikitsidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndipo linakhalapo zaka zoposa 80. Mu 1980 ana a sukulu ya sekondale ya kumeneko anapempha kuti nawonso achite phwando lakumapeto kwa chaka, lovina, monga anzawo a m'matauni ena. Abusa ena anakana kwamtuwagalu. Komiti ya sukulu inagawanika pakati, awiri uku awiri uko, mpaka wapampando anaponya voti yake kumbali ya ana. Anavina usiku umodzi, kunja kunacha, tauni ili pomwe inali.

Nkhaniyi itatuluka m'manyuzipepala, wolemba nyimbo Dean Pitchford anaitola n'kuisandutsa filimu ya Footloose, yomwe inatuluka mu February 1984. Inapanga ndalama pafupifupi madola 80 miliyoni ku America kokha, nyimbo zake ziwiri zinafika pa nambala wani, ndipo kuyambira pamenepo mafilimu ambiri ayenda m'mapazi ake: wachinyamata akufuna kuvina, bambo kapena m'busa akuti ayi, kumapeto fumbi lili koboo. Otsatsa amawagulitsa monga nkhani za kupanduka kwa ana. Makolo ena opemphera amawaonanso choncho, n'chifukwa chake amathamangira kuthimitsa TV. Onsewa, mmene ndikuonera ine, maso awo ali pa munthu wolakwika. Mnyamata wovinayo alibe nkhani yambiri. Nkhani ili pa bambo woletsayo, ndipo funso limene mafilimuwa amafunsa bwino kuposa maulaliki ambiri n'lakuti mantha a kholo limodzi ayenera kulekera pati.

Taonani kupanduka kwakeko. Ren McCormack, amene amaseweredwa ndi Kevin Bacon, akuchoka ku Chicago ndi mayi ake kukakhala kwa achibale m'tauni yopeka yotchedwa Bomont. Asanazolowere n'komwe, wapolisi akumuimitsa pamsewu chifukwa chokweza nyimbo m'galimoto. Ndiye wopanduka wathuyu akutani? Akupeza ganyu pachigayo, Lamlungu akukhala pabenchi m'tchalitchi, madzulo akuphunzitsa mnzake Willard, wolemera miyendo, kuponda motsatira ng'oma. Pamapeto pake akuima pamaso pa khonsolo ya tauni, Baibulo lili m'manja, n'kuwerengera akuluakulu Salimo 149 lonena za kutamanda dzina la Yehova ndi kuvina, nkhani ya Davide amene anavina ndi mphamvu zake zonse pamaso pa Mulungu, ndi mawu a Mlaliki oti pali nthawi yolira ndi nthawi yovina. Khonsolo ikumvetsera, kenako ikukana. Mnyamatayo sakuswa windo la aliyense. Dansi akukaikonzera kutsidya kwa malire, kumene lamulolo silifika, ndipo asanatenge mtsikana akupita kaye kunyumba kwa abusa kukapempha chilolezo. Mwana wotere ife timati waleredwa bwino.

Mavesi amene anawerengawo si okhawo m'Baibulo, ndipo akulu a khonsolo akanafuna akanabweza ndi awo. Mose potsika m'phiri anapeza anthu akuvinira mwana wang'ombe wagolide. Mutu wa Yohane M'batizi unaikidwa m'mbale chifukwa cha gule wa mwana wa Herodiya. Ngakhale tsiku limene Davide anavina lija, mkazi wake Mikala anamusuzumira pawindo n'kumupeputsa mumtima, kusonyeza kuti mkangano uwu unali kale m'nyumba imodzi zaka pafupifupi 3,000 zapitazo. Ndikutchula izi chifukwa anthu amakonda kunena kuti filimuyi ikumenyanitsa chipembedzo ndi zadziko. Koma ku Bomont mbali zonse ziwiri zimapemphera m'tchalitchi chimodzi, zimawerenga buku limodzi, ndipo amene anaika zizindikiro pa mavesi aja n'kupatsa Ren ndi mwana wa abusa yemwe.

Abusa Shaw Moore, omwe John Lithgow anawasewera mosamala kwambiri, si chitsiru chongobwebweta pagome. Ndi munthu wowerenga mabuku, wofatsa poyankhula, wokonda nkhosa zake. Zaka zingapo m'mbuyomo mwana wawo wamwamuna, Bobby, anafa pa ngozi ya galimoto pamlatho, akuchokera kokasangalala usiku ndi anzake. Lamulo loletsa dansi linabadwa pamaliro amenewo. Munthu amene waika mwana wake m'manda amafuna chinthu choti achiloze chala. Galimoto silimva, mlatho sumva, Mulungu m'busa sangamuloze, ndipo kuloza mwana wakufayo mtima sulola. Chinatsala ndi nyimbo. Abusawo anatenga chisoni chawo n'kupita nacho kukhonsolo, ndipo tauni yonse, pouona mtima wosweka wa munthu amene imamulemekeza, inavomera kulira naye mwa kumanga miyendo ya ana ake onse. Ndani akanaimirira m'msonkhano wotero n'kunena kuti abusa, pepani, koma gule sanaphe munthu? Lamulo lopangidwa misozi isanaume limavuta kulitsutsa, chifukwa wolitsutsa amaoneka ngati akunyoza maliro.

Tiyeni tiike pambali pawo kholo lina, lenileni osati la m'filimu. Mu May 1980, chaka chomwecho cha dansi ya ku Elmore City, mtsikana wa zaka 13 ku California anagundidwa ndi dalaivala woledzera akuyenda m'mbali mwa msewu, n'kufa. Mayi ake, Candy Lightner, anayambitsa bungwe la amayi lolimbana ndi kuyendetsa galimoto munthu ataledzera, lodziwika kuti MADD. Amayiwa anayamba kukhala m'makhothi kuti adzionere okha zilango zopepuka zimene madalaivala oledzera ankalandira. Anagogoda m'nyumba za malamulo mpaka mu July 1984, patangopita miyezi yochepa Footloose itatuluka, Pulezidenti Ronald Reagan anasaina lamulo lokankha zigawo zonse kuti zikweze zaka zogulira mowa kufika pa 21, apo ayi boma lizidula gawo la ndalama za misewu. Lamulo limenelo lili ndi olitsutsa mpaka lero, ena amati bwanji mnyamata wa zaka 18 amaloledwa kupita kunkhondo koma botolo ayi. Mtsutso umenewo ulipo ndithu. Koma palibe angakane kuti linalunjika pa chinthu chimene chinapha mwana.

Chisoni cha makolo awiriwa n'chimodzi, ndipo onse anapita nacho kwa opanga malamulo. Sindikunena kuti kholo lolira lisalowerere za malamulo. Ndikunena kuti mayi uja anafunsa kuti mwana wanga wafa ndi chiyani, pamene abusa aja anafunsa kuti mwana wanga anali kuti asanafe. Mayankho a mafunso awiriwa amasiyana kutali. Zimene anachita abusa n'chimodzimodzi kukwirira chitsime cha mudzi chifukwa mwana wamira kumtsinje. Ndipo filimuyo imaonetsa zotsatira zake popanda kuzilalikira: ana a ku Bomont akafuna kuvina amakwera galimoto usiku, kudutsa malire, kukalowa m'bala ya kutali kumene kuli mowa ndi ndewu, n'kubwerera pamsewu womwe uja, kuwoloka mlatho womwe uja. Lamulo lofuna kuwachotsa pamsewu wa usiku ndi limene likuwatumiza kumeneko.

Amene akulipira kwambiri ndi Ariel, mwana wamkazi wa abusa, ndipo apa ndi pamene filimuyi imandigwira mtima kuposa masitepe onse a Kevin Bacon. Chakumayambiriro kwa filimu tikumuona ataima pakati pa magalimoto awiri othamanga, mwendo uku mwendo uko, kutsogolo kukubwera lole. Nthawi ina akuima pakati pa njanji sitima ikubwera. Ali ndi chibwenzi chankhanza chimene chikumumenya mpaka nkhope kutupa. Zonsezi zikuchitika m'tauni yopanda dansi, m'nyumba ya munthu amene analetsa dansiyo kuti ana atetezeke. Mtsikanayu anataya mchimwene wake, ndipo tsiku lomwelo anatayanso bambo ake, amene anasanduka m'busa wa tauni yonse n'kusiya kukhala bambo wa mwana mmodzi wotsalayo. Akamasewera ndi imfa pamsewu akufuna kuti wina amuone. Bambo ake akumuona pokhapokha akalakwa, ndipo tsiku lina atayankhidwa mwano akumuwomba mbama, iwo eni n'kudabwa ndi dzanja lawo.

Mayi busa, Vi Moore, amene akhala chete pafupifupi filimu yonse, ndi amene akunena zoona zake. Akuuza amuna awo kuti pagome amatha kukweza mitima ya mpingo wonse, koma kukhala pansi ndi munthu mmodzi n'kumumva kukuwavuta. Dianne Wiest anachita gawo limeneli ndi mawu apansipansi, osakweza ngakhale kamodzi. Ndikuganiza kuti akazi a abusa ambiri, a mipingo yosiyanasiyana, amamudziwa mayi ameneyu. Kuletsa n'kophweka kuposa kucheza. Lamulo umalinena kamodzi, n'kumapita kukagona. Kucheza ndi mwana wa zaka 17 amene wakwiya nawe kumafuna madzulo ambiri, ndipo ena mwa madzulowo umamva zinthu zimene sunafune kumva.

Chimene chikutembenuza abusa si ulaliki wa Ren kukhonsolo. Akuitanidwa mwadzidzidzi kuti anthu a mpingo wawo ali kulaibulale, akutentha mabuku amene akuti akuwononga ana. Abusawo, amene poyamba ankateteza mphunzitsi ndi mabuku ake, akuthamangirako n'kuzimitsa zimenezo mwaukali. Koma otenthawo sanachite chachilendo. Angotenga maganizo a abusa awo n'kuyenda nawo mtunda wina patsogolo: ngati choipa chimalowa mwa ana kudzera m'makutu, chingalephere bwanji kulowa kudzera m'maso? Woyambitsa lamulo amadziwa chifukwa chake, amadziwa ndi malire ake. Olandira lamulolo amangolandira chilolezo cholondera anzawo, ndipo ena mwa iwo ntchito imeneyo imawakomera.

Izi sitikuzimva kwa alendo okha. Mu 1973 boma la Kamuzu Banda linakhazikitsa lamulo la kavalidwe loletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi pagulu, ndipo kwa amuna tsitsi lalitali linali mlandu. Lamulo la kavalidwelo linathetsedwa mu 1993. Koma mu January 2012, patatha zaka pafupifupi 20, magulu a anyamata m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre ankagwira amayi ovala mathalauza n'kuwavula masana dzuwa likuswa mtengo, akuti akuteteza chikhalidwe. Ambiri mwa anyamatawo anali makanda pamene lamulolo linkafa, koma chilolezo chake anachitola. Ndiponso tisaiwale kuti boma lomwe linkayeza masiketi lija silinkadana ndi gule. Amayi ankanyamulidwa pa malole kukavinira Ngwazi pamisonkhano. Gule analoledwa, bola mwini ng'oma akhale wolamula. Ku Bomont nakonso, mukamvetsera bwino zimene akuluakulu akuopa, ndi thupi la mwana wamkazi likamayenda popanda wolilondera. Za anyamata amangodandaula pang'ono.

Tsono ndisamveke ngati ndikunena kuti makolo amaopa mphepo chabe. Filimu ina ya mtundu womwewu, Dirty Dancing ya 1987, ndi yoona mtima pa nkhani imeneyi kuposa mmene anthu amaikumbukira. Ambiri amakumbukira Patrick Swayze akunyamula Jennifer Grey m'mwamba. Amaiwala chifukwa chimene mtsikanayo analowera m'gulemo. Nkhani ikuchitika mu 1963, kumalo ochitira tchuthi m'mapiri a Catskill m'chigawo cha New York. Mtsikana wovina pa malopo, Penny, wapatsidwa mimba ndi mnyamata wophunzira udokotala amene akumukana. Kuchotsa mimba kunali koletsedwa, ndiye akupita kwa munthu wa mseri ndi madola 250 amene mnzake watsopano, mtsikana woseweredwa ndi Jennifer Grey uja, wabwereka kwa bambo ake osawauza ntchito yake. Penny akutsala pang'ono kufa, ndipo amene akumupulumutsa pakati pa usiku ndi bambo omwewo, Dokotala Houseman, kholo loletsa la filimuyi. Wolemba nkhaniyi, Eleanor Bergstein, anakana kuchotsa gawo limeneli pamene kampani ina yofuna kutsatsa malonda ake pafilimuyo inapempha kuti lichotsedwe, ndipo anachita bwino.

Dokotalayo akuona ngozi yeniyeni, yomwe ilipodi, ndipo waigwira ndi manja ake. Mawu a akulu akoma akagonera, ndipo pa mbali imeneyi anakomadi. Pomwe akuphonya n'poloza wolakwa. Akuganiza kuti mimbayo ndi ya mphunzitsi wa dansi, mnyamata wosauka wovina mothyola chiuno, pamene mwini wake ndi wophunzira wa ulemu uja, wopita ku yunivesite yapamwamba, amene dokotalayo akumukonda mpaka kumukonzera envelopu yomuthandiza pa maphunziro ake. Nthenda yake ndi yomwe ija ya Abusa Moore: mantha ndi oona, koma chala chikuloza chimene chikuoneka ndi kumveka, osati chimene chikuvulaza. Wovina amaonekera patali. Mnyamata waulemu wowononga atsikana amapatsa moni mogwada. Kusiyana kwake n'kwakuti a Houseman lamulo lawo linalekera pakhomo pawo, kotero atazindikira kulakwa anapepesa kwa munthu mmodzi, nkhani n'kutha. Abusa Moore kulakwa kwawo kunali kutalembedwa kale m'mabuku a khonsolo, ndipo ngakhale iwo eni atasintha mtima sakanatha kukufufuta okha.

Apa ndikudziwa kuti wina wayamba kale kupukusa mutu. Anena kuti maganizo oti lamulo la kholo lilekere pachipata ndi achizungu, ife timati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ana samakulira m'nyumba yokha. Ngati ine ndaletsa wanga koma ana onse a m'mudzi akupita kudansi, lamulo langa ndi la pakamwa chabe, ndipo mwana wanga adzandiona ngati mfiti. Kodi anthu okhala pamodzi, okhulupirira zofanana, alibe ufulu wogwirizana za mtundu wa mudzi umene akufuna kulereramo ana awo? Funso limeneli ndi lolemera, ndipo mafilimuwa amalizemba poika nkhope zoipa pa anthu ambiri otsatira abusa.

Yankho langa lili pawiri. Mwambi uja umapatsa mnansi udindo wodyetsa, wolangiza, wodzudzula. Umagwira ntchito chifukwa mnansiyo amamudziwa mwanayo ndi dzina, amadziwa kwawo, ndipo mawa adzaonana ndi makolo ake pamaliro kapena kumsika. Akalakwitsa polangiza, pali womuyankha. Wapolisi woimitsa Ren pamsewu sakumulera, akumulembera chindapusa. Kutenga mwambi wa kulera n'kuupatsa yunifomu ndi kuupha.

Mbali yachiwiri n'njakuti mudzi uli nawodi ufulu wopanga malamulo oteteza ana, ndipo nthawi zina ndi mudzi wokha umene ungathe. Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza inathetsa maukwati ambirimbiri a ana n'kubweza atsikana kusukulu, ikugwiritsa ntchito malamulo a m'dera ogwirizana ndi mafumu ake. Pamenepo mudzi unalowerera m'nyumba za anthu, nthawi zina motsutsana ndi makolo enieniwo, ndipo unachita bwino. Kusiyana kwake ndi Bomont n'kwakuti choipa chimene ankalimbana nacho chimaoneka kwa aliyense, wa Katolika, wa CCAP, Msilamu, wa Nyau ndi wosapemphera yemwe: mwana wa zaka 13 ali ndi pathupi, sukulu yathera pomwepo. Lamulo la onse liyenera kutha kufotokozedwa kwa munthu amene sapemphera nawe. Nthawi yotsekera dansi, zaka zolowera, kuletsa mowa pakhomo, akuluakulu oyang'anira, galimoto yobweza ana kunyumba, zonsezi mungazifotokoze kwa aliyense. Koma kuti kugwedeza thupi motsatira nyimbo kumadzutsa chilakolako chimene Mulungu amadana nacho, imeneyo ndi nkhani ya pagome ndi ya patebulo la chakudya kunyumba kwanu. Lalikirani, letsani anu, kopani anzanu. Musaitane apolisi.

Makhothi a ku America sanagwirizane nane kwenikweni, ndipo ndi bwino kunena. Ku Purdy, katauni ka m'chigawo cha Missouri, komiti ya sukulu inakana kuchotsa lamulo loletsa dansi pasukulu, abusa a m'deralo atasonkhanitsa anthu awo kuti alichirikize. Ophunzira ena ndi makolo awo anakasuma. Mu 1988 khothi loyamba linawakomera, likuti lamulolo n'lachipembedzo ndipo sukulu ya boma siyenera kukakamiza chiphunzitso cha mpingo. Mu 1989 khothi la apilo linatembenuza chigamulocho, likuti lamulolo palokha silitchula chipembedzo, ndipo anthu saletsedwa kuchirikiza mfundo chifukwa chakuti ikugwirizana ndi chikhulupiriro chawo. Mu 1990 khothi lalikulu la dzikolo linakana kumva mlanduwo. Mwina oweruzawo anawerenga bwino malamulo awo. Khothi limayankha funso loti kodi anthu ochuluka ali ndi mphamvu yochita chinthu, osati loti kodi n'chanzeru kuchichita. Ana a ku Purdy anataya mlandu patatha zaka 6 Ren atavina pa kanema, ndipo za iwo palibe anajambula filimu yotchuka.

Pamenepa ndi pamene mafilimuwa amanama. Amatiuza kuti zimatha usiku umodzi, ndi mnyamata mmodzi wochokera mumzinda, wooneka bwino, wodziwa kudumpha. Ku Elmore City kunalibe mlendo wa ku Chicago wodzawombola anthu. Anali ana a komweko, okulira m'matchalitchi omwewo, amene anapempha, kukanidwa, kupemphanso. Yunivesite ya Baylor ku Texas, ya mpingo wa Baptist, inalola dansi yoyamba pamalo ake mu 1996, itakhala zaka 151 isakulola. Koleji ya Wheaton ku Illinois inamasula lamulo lake mu 2003. Ngakhale mzinda wa New York, umene palibe angaunene kuti ndi mudzi wa abusa, unali ndi lamulo la 1926 loletsa kuvina m'mabala opanda chiphaso chapadera, ndipo linathetsedwa mu 2017. Lamulo limenelo linabadwa nthawi ya jazz, ndipo kwa zaka zambiri linkapweteka kwambiri oimba ndi malo a anthu akuda. Mbali imeneyi Footloose siikhudza n'komwe. Bomont ndi tauni ya azungu, ikukangana za nyimbo zimene mizu yake ili kwa anthu akuda, popanda wina kutchula zimenezo. Hairspray ya John Waters, ya 1988, yomwe nkhani yake ikuchitika ku Baltimore mu 1962, ndi imene inanena poyera kuti mayi wotsekera mwana wake m'chipinda akuopa khungu la amene mwanayo akuvina naye.

Footloose anaijambulanso mu 2011, nkhani ataisamutsira ku Georgia, Dennis Quaid ali m'busa. Ambiri anaiona ngati yongobwereza, koma inasintha chinthu chimodzi chofunika. Yoyamba ija ngozi timangoimva ikusimbidwa. Yachiwiriyi ikuyamba ndi ngoziyo: phwando, mowa, galimoto yodzaza ana, lole, moto. Woonera akuyamba waona zimene m'busa anataya asanamve lamulo lake. Sindikudabwa. Amene anali ndi zaka 16 mu 1984 anali ndi zaka 43 mu 2011, ali ndi ana awoawo ofika msinkhu wobwera mochedwa usiku. Anakula akuimbira m'manja Ren, tsopano anali atakhala pampando wa Abusa Moore, foni ili m'manja, akudikira kumva chitseko.

Pali chinthu chimodzi chimene nkhani zonsezi zimadalira osachitchula. Woletsayo amakonda woletsedwayo, ndipo angathe kufikiridwa. Ali ndi mkazi womuuza zoona, ali ndi chitseko chimene mnyamata angagogode. Chotsani chikondi chimenecho, musiye lamulo lokha, muona kumene njira ya Bomont imathera. Ku Hamburg nthawi ya Hitler kunali achinyamata okonda nyimbo za swing, amene filimu ya Swing Kids ya 1993 inayesa kufotokoza nkhani yawo. Mu 1941 oposa 300 anamangidwa, ena anametedwa mipala, ena anatumizidwa kumisasa ya ukaidi. Ku Tehran, likulu la Iran, mu May 2014, anyamata ndi atsikana 6 anagwidwa chifukwa cha kanema amene anajambula akuvina pamadenga a nyumba nyimbo ya Pharrell Williams yonena za chisangalalo, atsikanawo mitu ili yosafunda. Anaonetsedwa pa TV ya boma akulapa, atafulatira kamera. Mu September chaka chomwecho khothi linawagamula kukhala kundende ndi kukwapulidwa zikoti 91 aliyense, chilango n'kuimikidwa pambali kwa zaka zitatu, kuti akadzabwereza chidzagwire ntchito. Nawonso oweruzawo ankati akuteteza ana ndi makhalidwe, ndipo ena mwa iwo mwina ankakhulupiriradi zimenezo. Koma achinyamata ajawo analibe khonsolo yoti akaimepo ndi mavesi, ndipo woweruza sanali bambo wa aliyense wa iwo.